Galu kapena mphaka akachitidwa opaleshoni, musamupatse Panado

Chiweto chikamabuula usiku pambuyo pa opaleshoni, ambiri timathamangira Panado kapena Brufen wa m'kabati. Chonde musatero. Piritsi limodzi la paracetamol likhoza kupha mphaka, chifukwa chiwindi chake chimalephera kuchotsa mankhwalawa m'thupi. Ibuprofen amayambitsa zilonda m'mimba mwa galu ndipo amawononga impso. Perekani okhawo amene dokotala wa ziweto walemba, kawirikawiri meloxicam, pamodzi ndi chakudya.

Kolala yapulasitiki ija musaivule chifukwa cha chisoni. Bala limafuna masiku 10 mpaka 14, ndipo akalinyambita limatseguka. Likatupa kapena kutuluka mafinya, imbirani dokotala tsiku lomwelo.

NHS siona ziweto. Ngati ndalama zavuta ndipo mumalandira Universal Credit, kafunseni ku chipatala cha Blue Cross ku Victoria, kuno ku London.