Injini Yatsopano pa Boti Lakale

Usipa umene umagulitsidwa m'misika ya kwa Kaphuka umachokera kunyanja, kumunsi kwa mapiri a Dedza, ndipo wambiri umagwidwa usiku ndi chilimira. Munthu wakumtunda amene wapeza ndalama pogulitsa mbatatesi angathe kutsikira ku Mtakataka kapena ku Chipoka, nagula boti lakale lamatabwa kuti alovi azimugwirira ntchito. Kaŵirikaŵiri boti lotere limakhala ndi injini yotopa, ndipo mwiniwake amathamangira kugula yaikulu koposa imene thumba lake lingalole. Apa mpamene ambiri amalakwitsa, pakuti kukula kwa injini kuyenera kutsatira botilo.

Poyamba mmisiri wa maboti ayenera kuona thabwa lakumbuyo, pamene amamangirira injini. Thabwa limeneli limasenza kulemera konse kwa injini ndiponso kukankha kwake. Ngati nsonga ya mpeni iloŵa mosavuta, kapena misomali yagwedera, thabwalo lisinthidwe ndalama ya injini isanatuluke. Injini ya mahosipawa 15 imalemera makilogalamu osafika 40, koma ya 40 imalemera pafupifupi 70. Kulemera kotere kumatsitsa kumbuyo kwa boti, ndipo Mwera ukawomba m'miyezi ya Juni ndi Julayi, mafunde amaloŵera pomwepo. Kunjenjemera kwa injini yaikulu nakonso kumatsegula mipata ya matabwa akale, mpaka mlovi mmodzi amachezera kukapa madzi usiku wonse. Ndipotu boti lolemera, lodzaza ukonde ndi anthu, lili ndi malire a liŵiro lake: kupyola pamenepo injini imangomwa petulo, liŵiro osawonjezeka kwenikweni.

Thabwa lomwelo liyesedwe kutalika kwake. Injini zili ndi miyendo yamitundu iŵiri: waufupi, woyenera thabwa la mainchesi 15, ndi wautali, wa mainchesi 20. Mwendo ukafupika, pulopela imatuluka m'madzi boti likakwera funde, injini nkumalira pachabe ndi kutentha chifukwa chosoŵa madzi oiziziritsa. Ukatalikitsa, umakhula mchenga pofika pagombe.

Za mtundu wa injini, asodzi akale amakumbukira British Seagull, imene inkafuna oyilo wambiri m'petulo. Masiku ano zofala ndi za Yamaha, ndipo pali zamitundu iŵiri. Ya two-stroke njopepuka, amasakaniza oyilo ndi petulo, zambiri pa muyeso wa lita imodzi ya oyilo pa malita 50 a petulo, ndipo makaniko wapagombe amaidziŵa bwino. Ya four-stroke siwononga petulo, koma njolemera, njodula, ndiponso ikagonekedwa mbali yolakwika oyilo wake amaloŵa mosayenera. Imeneyi si nkhani yaing'ono, popeza alovi amachotsa injini m'maŵa uliwonse nkuisenza kupita nayo kunyumba poopa akuba. Mwini boti wokhala kwa Kaphuka, kutali ndi gombe, angachite bwino kusankha imene zipangizo zake zimapezeka ku Salima kapena ku Monkey Bay, chifukwa injini ikafa mdima wa mwezi uli mkati, nsomba za mwezi umenewo zapita.

Wogula injini yogwirapo kale ntchito asakhutire ndi utoto. Aiike mu mgolo wa madzi, ailize isanatenthe, naone ngati kamtsinje ka madzi kakutuluka kumbuyo mwamphamvu. Atsegulenso pang'ono oyilo wa kumwendo: akaoneka woyera ngati mkaka, ndiye kuti madzi akuloŵa. Injini yochokera ku Durban kapena ku Beira iyenera kuonedwa kaŵiri, pakuti madzi amchere amadya zitsulo zake m'kati pamene kunja kukuŵala.