AKASINJA OKWANA M'DZANJA

Mu mzinda wa Nottingham ku England, ndiponso m'mizinda ina yambiri ya ku Ulaya ndi ku America, si chachilendo kupeza anthu aakulu misinkhu, ena a imvi kumutu, atazinga tebulo la mafiti 6 m'litali ndi mafiti 4 m'lifupi. Patebulopo pamakhala timapiri, timitengo, tinyumba togumuka ndi kamtsinje kopanda madzi. Pakati pa zimenezi pamaima tiasilikali tosaposa mfundo ya chala, pamodzi ndi akasinja amene mmodzi angakwane m'dzanja la mwana. Wina amaponya madayisi, mnzake nkuyeza mtunda ndi tepi, kenaka kasinja mmodzi amachotsedwa patebulo, kutanthauza kuti waphulitsidwa.

Mlendo angathe kuseka, poganiza kuti akuluakuluwa abwerera ku umwana. Koma akanyamula kasinja mmodzi ndi kumuyang'anitsitsa, kuseka kuja kumatha. Amaona matope ouma m'mawilo, mwaye kukamwa kwa mfuti, utoto wosupuka pamene asilikali ankaponda pokwera, ndi nambala yolembedwa mosamala pambali. Zonsezi ndi ntchito ya munthu amene anakhala masiku ambiri ndi burashi m'manja, ali ndi funso limodzi mumtima: kodi galimoto imeneyi inkaoneka bwanji kwenikweni?

Chiyambi chake

Masewerawa sanayambe ngati chosangalatsa ana. M'chaka cha 1824, msilikali wina wa ku Prussia, Georg von Reisswitz, anaonetsa akuluakulu a nkhondo masewera otchedwa Kriegsspiel, amene anawakonza pomanga pa ntchito ya bambo wake. Magulu a nkhondo ankaimiridwa ndi tizidutswa tofiira ndi tobiriwira ngati thambo, toikidwa pa mapu, ndipo woweruza ndiye ankagamula zotsatira za nkhondoyo. Prussia itagonjetsa France pa nkhondo ya mu 1870 ndi 1871, maiko ena anayamba kuphunzitsa atsogoleri a asilikali awo mwa njira yomweyi.

Amene anawatulutsa masewerawa m'misasa ya asilikali ndi kuwafikitsa m'nyumba za anthu wamba ndi mlembi wotchuka H. G. Wells, m'buku lake la Little Wars la mu 1913. Pambuyo pake, mu 1962, Donald Featherstone wa ku Southampton anasindikiza buku la War Games, limene linakopa anthu ochuluka. Kampani ya Games Workshop inabadwa ku London mu 1975, niyambitsa masewera a Warhammer mu 1983, ndipo likulu lake lili ku Nottingham. Okonda mbiri yeniyeni ali ndi masewera awo a nkhondo yachiwiri ya dziko lonse, monga Flames of War, amene anatuluka ku New Zealand mu 2002, ndi Bolt Action, a kampani ya Warlord Games ya ku Nottingham komweko, amene anatuluka mu 2012.

Masewera aliwonse ali ndi muyeso wake. Mu Bolt Action magalimoto amachepetsedwa ka 56, pamene mu Flames of War amachepetsedwa ka 100. Motero kasinja wotalika mamita 6 amasanduka wa masentimita pafupifupi 11 m'masewera oyambawo, ndi masentimita 6 m'achiwiriwo.

Utomoni ndi chikombole

Timagalimoto timeneti timaumbidwa m'njira ziwiri zazikulu. Yoyamba ndi ya pulasitiki wosungunula, amene makina amamukankhira m'chikombole chachitsulo. Chikombole chotere chimakhalitsa, koma kuchisema kumadya ndalama zochuluka zedi, kotero kuti kampani imachisema pokhapokha ikadziwa kuti idzagulitsa zikwi zambiri. Nchifukwa chake akasinja otchuka, monga Sherman wa ku America ndi T-34 wa ku Soviet Union, amapezeka mosavuta ali a pulasitiki.

Njira yachiwiri ndi ya utomoni wopangidwa m'fakitale, umene eni ake amautcha resin. Mmisiri amayamba wapanga galimoto imodzi yachitsanzo, naithira mphira wamadzimadzi amene akauma amasanduka chikombole chofewa. Kenaka amasakaniza mankhwala awiri amadzimadzi ndi kuwathira m'chikombolemo. Mankhwalawo amatentha okha, ndipo posakhalitsa amauma gwa. Popeza mphira amapindika, amatulutsa bwino tinthu tating'onoting'ono monga mitu ya misomali ndi mizere ya zowotcherera. Chikombole cha mphira sichichedwa kutha, koma nchotsika mtengo, kotero kuti ngakhale munthu mmodzi wogwira ntchito m'kashedi kuseri kwa nyumba yake angathe kuumba galimoto imene makampani aakulu sailabadira. Zaka zaposachedwa pabweranso makina oumba zinthu kuchokera pa chithunzi cha mu kompyuta, pogwiritsa ntchito utomoni wouma ndi kuwala, ndipo amisiri ang'onoang'ono achuluka kuposa kale.

Ntchito ya wopenda

Pali mwambi wakuti chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Chithunzi cha pabokosi chimakongola nthawi zonse, koma wogula sangadziwe zimene zili m'katimo mpaka atalipira. Apa ndi pamene pamafunika wopenda, munthu amene amagula kapena kulandira kagalimoto katsopano, nakamanga, nkulemba m'magazini zimene wapeza.

Wopenda wabwino amayamba ndi kaumbidwe. Amayang'ana ngati mpweya unatsalira mu utomoni ndi kusiya timabowo, ngati mbali ziwiri za chikombole zinakumana bwino, ndiponso ngati mfuti yaitali sinapindike. Akatero amatenga rula ndi kuyerekeza kagalimotoko ndi miyeso ya galimoto yeniyeni. Amawerenga mawilo, amayang'ana malo a zitseko, nafufuza ngati chida chilichonse nchogwirizana ndi chaka chimene galimotoyo inapangidwa. Ena amapita ku nyumba yosungirako akasinja ya ku Bovington, m'chigawo cha Dorset, kumene kuli Tiger 131, kasinja wa Ajeremani amene anagwidwa ku Tunisia mu 1943 ndipo amayendabe mpaka lero. Pomaliza wopenda amanena ngati mtengo wake ukugwirizana ndi ubwino wake.

Ntchito imeneyi ili ndi yesero lake. Kampani ikapatsa wopenda katundu waulere, pakamwa pamalemera kunena zoipa. Komabe wopenda amene abisa chilema amanamiza anthu awiri: wogula amene ataye ndalama zake, ndi mmisiri amene akanakonza cholakwacho akanauzidwa.

Kuona maso a nkhono

Kupaka utoto sikuyamba ndi burashi koma ndi sopo. M'chikombole amapakamo mafuta kuti utomoni usakanirire, ndipo mafutawo akapanda kutsukidwa ndi madzi ofunda, utoto umakana kugwira. Mfuti yopindika amaiviika m'madzi otentha mpaka ifewe, naiwongola, nkuiponya m'madzi ozizira. Popala zotsalira amanyowetsa pepala lopalira, chifukwa fumbi la utomoni nloopsa m'mapapo. Guluu womatira pulasitiki sagwira pa utomoni. Wofunika ndi uja wogwira msanga, amene ambiri amamutcha supaguluu.

Zikatha izi pamabwera utoto woyamba wogwiritsa unzake, kenaka utoto weniweni wa galimotoyo. Apa mpamene wopaka amasanduka wophunzira mbiri. Kumayambiriro a nkhondo yachiwiri, akasinja a Ajeremani ku Ulaya anali otuwa moderako. Mu February 1943 kunatuluka lamulo lakuti azipakidwa utoto wachikasu choderako, ndipo asilikali ankapatsidwa utoto wina wobiriwira ndi wofiirira kuti adzipakire okha mawanga molingana ndi malo amene ali. Choncho munthu amene aika kasinja wotuwa wa mu 1940 pa nkhondo ya ku Normandy ya mu 1944 walakwitsa mayeso a mbiri, ngakhale dzanja lake likhale laluso chotani. Chimodzimodzinso phala lokhakhala lotchedwa Zimmerit, limene Ajeremani ankamata pa akasinja poopa mabomba omata ndi maginito: linagwiritsidwa ntchito kuyambira mu 1943 mpaka mu September 1944 basi.

Utoto weniweni ukauma, wopaka amathira utoto wakuda wosungunula kwambiri, umene umathamangira m'mikwasa ndi kuonetsa mithunzi. Kenaka amatenga burashi imene waipukuta mpaka kutsala pang'ono kuuma, naisesa mopepuka pamwamba, kuti nsonga ndi ngodya ziwale. Chotsiriza ndi kukalambitsa galimotoyo: fumbi, matope, dzimbiri ndi mafuta otayika. Ambiri ongoyamba kumene amagwa pamenepa, pakuti amapaka dzimbiri lochuluka ngati galimoto yakhala zaka makumi awiri pamvula, chonsecho akasinja ambiri a pa nkhondoyo sankakhalitsa kufikira pochita dzimbiri lotero. Fumbi nalonso lili ndi kwawo: la m'chipululu cha ku Libya silifanana ndi matope akuda a ku Ukraine. Kuona maso a nkhono nkudekha, ndipo wopupuluma amaononga m'mphindi imodzi ntchito ya mlungu wathunthu.

Galimoto imene ikanaiwalika

Phindu la utomoni limaoneka bwino pa galimoto ina yankhondo yotchedwa Marmon-Herrington. Inkamangidwa ku South Africa pa nthawi ya nkhondo yachiwiri. Thunthu ndi injini zinali za lole ya Ford zochokera ku Canada, zida zoyendetsera mawilo onse anayi zinkachokera ku kampani ya Marmon-Herrington ya ku Indianapolis, ndipo zitsulo zotchinga zipolopolo zinkasulidwa ku South Africa konko. Zonse pamodzi zinapangidwa zoposa 5,000. Zitafika ku chipululu cha kumpoto kwa Africa, asilikali anaona kuti mfuti zake nzofooka, ndipo ena anamangirirapo mfuti zazikulu zolanda kwa Ataliyana ndi Ajeremani. Wopaka amene akudziwa zimenezi amakhala ndi mwayi wopanga magalimoto angapo osafanana kuchokera m'chikombole chimodzi.

Galimoto imeneyi inagwiranso ntchito pa nkhondo yothamangitsa Ataliyana ku Somaliland ndi ku Ethiopia mu 1940 ndi 1941. Pa nkhondo yomweyo panali asilikali a King's African Rifles, aja makolo ankawatcha a Keyala, ndipo ena mwa iwo anali ochokera ku Nyasaland. Addis Ababa inalandidwa mu April 1941, ndipo Gondar, linga lotsiriza la Ataliyana, inagwa mu November chaka chomwecho. Makanema a nkhondo amakonda Normandy ndi Stalingrad, ndipo makampani aakulu amatsata kumene kuli ogula. Nkhondo ya ku Ethiopia imafika patebulo chifukwa cha amisiri a zikombole za mphira. Munthu akamanga kagalimoto kotere amakakamizika kufunsa kumene inayenda, mtundu wa dothi la kumeneko, ndi anthu amene ankayenda pansi pambali pake. Pofunafuna mtundu wa fumbi, amapeza mbiri ya asilikali a Keyala, amene chipilala chowakumbukira chili ku Zomba.

Kodi nkhondo nchoseweretsa?

Funso ili silingapewedwe, ndipo aphunzitsi ambiri angalifunse. M'kasinja wa Sherman munkakhala anthu asanu. Pamene madayisi agwa ndipo kagalimoto kachotsedwa patebulo, chimene chikuimiridwa ndi imfa ya ana a eni ake. Alipo amene amaona kuti kukongoletsa zida zophera anthu kumazimbaitsa kuipa kwa nkhondo, makamaka ngati wosewerayo angosirira mphamvu za akasinja a Hitler osafunsa chimene ankamenyera. Dandaulo limeneli lili ndi maziko.

Wells, amene ankadana ndi nkhondo, anali ndi yankho lake. Iye ankakhulupirira kuti munthu akasewera nkhondo yaing'ono kangapo, naona momwe mapulani anzeru amasokonekera, amazindikira kupusa kwa nkhondo yaikulu. Dziko silinamumvere, pakuti chaka chotsatira, mu 1914, nkhondo yoyamba inabuka. Featherstone naye sanali mlendo ku zoopsazi, chifukwa anali msilikali wa gulu la akasinja pa nkhondo yachiwiri.

Mwina yankho lili pa nsonga ya burashi. Kasinja wonyezimira ngati wangotuluka m'sitolo amanena bodza, pakuti amaonetsa nkhondo ngati chionetsero cha pa bwalo la masewera. Koma wopaka amene wawerenga, nayeza, nafunsa, amaika pa galimoto yake bulangeti lokulungidwa, chigubu cha madzi chophwanyika mbali imodzi, ndi chipsera pamene chipolopolo chinadutsa. Mwana amene anapindapo waya kuti galimoto yake ifanane ndi basi yodutsa pamsewu amaudziwa kale mwambo umenewu: usanapange chinthu, yamba wachiyang'anitsitsa. Ndipo amene wayang'anitsitsa kasinja sachedwa kukumbukira kuti m'kati mwake munali anthu.