Kugula Masipika: Kukula kwa Bokosi si Kukoma kwa Mawu

MONGUE, Milange — Nandolo akagulidwa, anyamata ambiri a ku Mongue amapalasa njinga kupita ku Milange, ena mpaka kuoloka malire pa Muloza kukafika kumsika wa Limbuli m'boma la Mulanje. Pobwerera amakhala atamangirira ampulifaya ndi masipika pa kaliyala, maganizo ali pa kutsegula nyumba ya vidiyo kapena kumaimba pa maukwati. Koma si onse zimawayendera. Ena sabata isanathe amangoona utsi, thukuta la dzinja lonse lapsera m'kabokosi.

Kawirikawiri chifukwa chake n'chakuti sipika ndi ampulifaya sizinagwirizane.

Kumbuyo kwa sipika kumalembedwa nambala ya ma ohm: 4, 6 kapena 8. Nambalayi ikachepa, sipika imakoka moto wambiri. Ampulifaya zambiri za m'nyumba, zija za home theatre, zinapangidwira masipika a 6 kapena 8, pamene za m'galimoto, zoyendera batire la mavoti 12, zimayenda ndi a 4. Tsono masipika awiri a 8 akamangidwa pamodzi, waya wofiira kwa wofiira, wakuda kwa wakuda, amasanduka 4. Awiri a 4 amasanduka 2. Apa ampulifaya imakhala ngati njinga yosenzetsedwa matumba asanu a chimanga: imatentha, imazimazima, mapeto ake imapsa.

Msampha wina ndi wa ma watt. Pa makatoni ena pamalembedwa 2,000 kapena 3,000 ndi zilembo zikuluzikulu, pambali pake pali PMPO. Imeneyo ndi nyambo ya ogulitsa. Nambala yodalirika ndi yolembedwa RMS, ndipo imakhala yochepa kwambiri. RMS ya sipika isatalikirane ndi ya ampulifaya. Ampulifaya yaing'ono nayo imapha sipika ikakwezedwa mpaka mapeto, chifukwa mawu akayamba kusweka, kasipika ka mawu ang'ono kamapsa msanga.

Makina olembedwa 5.1 amafuna masipika asanu ndi imodzi ya besi. Atatu amakhala kutsogolo, awiri kumbuyo. Kwa mwini vidiyo, yofunika koposa ndi yapakati kutsogolo, poti mawu a anthu olankhula m'filimu amatulukira mmenemo. Ikakhala yofooka, mfuti ndi magalimoto zimamveka mpaka kumsika, koma oonera samva zimene zikukambidwa, ndipo mawa sabweranso. Atatu a kutsogolowo ndi bwino akhale a mtundu umodzi. Ndalama zikachepa, kuli bwino kuyamba ndi awiri abwino kusiyana ndi asanu osokosera. Ya besi ingadikire, makamaka kwa amene amadalira sola, pakuti ndiyo imadya batire kwambiri.

Sipika yogwirapo kale ntchito iyesedwe ndalama zisanatuluke m'thumba. Batire limodzi la tochi, la mavoti 1.5, likakhudzitsidwa pa mawaya ake, pepala la sipika liyenera kugwedezeka ndi kulira kuti "thu". Ikangokhala chete, yafa. Pepalalo likakankhidwa pang'ono ndi zala n'kumveka kukhwekhwereza, ndiye kuti koyilo inapsa kale. Kunyumba, waya wofiira apite pofiira mbali zonse. Sipika imodzi ikatembenuzidwa, besi imathawa.

A m'malire akumbukirenso za pulagi. Ya ku Malawi ili ndi mano atatu a ngodya, ya ku Mozambique mano ake ndi obulungira. Magetsi a maiko awiriwa ndi ofanana, mavoti 220 mpaka 230, kotero chofunika ndi adaputa basi, osati kusomeka mawaya osavala m'soketi. Koma katundu wa kaunjika wolembedwa mavoti 110 okha, monga wochokera ku America, amapsa nthawi yomweyo.

Wopita kukagula masipika ayambe walemba papepala manambala onse ali kumbuyo kwa ampulifaya yake, ndipo asachite manyazi kuuza wogulitsa kuti alumikize, amve yekha. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.