ZOBVALA ZA ANAMWINO KU MINDA YA TIYI: DIRESI LOYERA KAPENA BULUKU?

Anzanga a ku migodi, ambiri a inu munasiya akazi ndi ana ku minda ya tiyi ya ku Honde Valley ndi ku Chipinge. Mwana akatentha thupi usiku inu muli pansi pa mgodi, womlandira ndi namwino wa pa kiliniki ya pa esiteti. Enanso muli ndi ana akazi amene ali kuphunzira unamwino, ndipo kalata yopempha ndalama za yunifomu munailandira kale. Cifukwa cace nkhani ya zobvala za anamwino si ya akazi okha iai. Anamwino eni ace sali kumvana. Acikulire afuna diresi loyera, lamba ndi cisoti monga kale. Acitsikana afuna cobvala ca ku thiyeta cimene Azungu acicha scrubs, ndico malaya a manja afupi opanda mabatani ndi buluku lomanga ndi cingwe, zobiriwira kapena za buluu. Ine ndinabadwira pa komboni ya tiyi ku Chipinge, atate anga ndi a ku Mulanje, ndipo ndinagwira nchito yomanga mabala m'cipatala ca pa mgodi zaka zambiri. Mitundu yonse iwiri ndaiona ili pa nchito.

Poyamba tidziwe dziko lace. Tiyi wa ku Chipinge anayamba m'caka ca 1924 pa munda wa New Year's Gift, pafupi ndi mtsinje wa Tanganda, pamene Arthur Ward ndi Grafton Phillips anabzala mbeu zocokera ku Assam, ku India. Pambuyo pace panadza minda ya Ratelshoek, Jersey, Zona ndi Tingamira. Ku Honde tiyi anafika m'zaka za 1950, ndipo maina a Aberfoyle, Eastern Highlands ndi Katiyo muwadziwa. Makolo athu ocokera ku Nyasaland, amene anadziwa kale kuthyola tiyi ku Mulanje ndi ku Thyolo, anafika m'dziko lino ena pa magalimoto a Ulere, ena mwa Mthandizi, ena pansi. Tsono tiyi afuna mvula yambiri ndi dothi lofiira. Cigwa ca Honde cili kunsi kwa phiri la Nyangani, lotalika mamita 2,592, ndipo n'cotentha, ca cinyontho, ca udzudzu. Musaiwale matope ofiirawo, pakuti nkhani yonse iyenda pa iwo.

Diresi loyera lili ndi mbiri yace. M'caka ca 1836 mbusa wina, Theodor Fliedner, anatsegula nyumba yophunzitsa akazi a mpingo kusamala odwala ku Kaiserswerth, m'dziko la Germany. Florence Nightingale anakaphunzira kumeneko mu 1851, natsegula sukulu yace ya anamwino pa cipatala ca St Thomas' ku London mu 1860. Cisoti ca namwino cinacokera ku nsaru imene akazi odzipereka a mpingo anali kupfunda kumutu. Mwambo umenewu unafika kuno ndi amishoni, monga a American Board amene anakhazika mishoni ya Mount Selinda mu 1893, pafupi ndi nkhalango ya Chirinda. Ku South Africa, Cecilia Makiwane analembedwa m'buku la anamwino mu 1908, ndiye mkazi wakuda woyamba.

Amene sanakhale pa komboni sangamvetse cimene diresi limenelo linali kwa ife. Amai athu anali kupita ku munda mbanda kuca atapfunda thumba kuopa mame, dengu kumbuyo, zala zong'ambika ndi nthambi za tiyi. Tsiku limene mtsikana wa pa laini yathu anabwera ku chuthi atabvala zoyera, wochi ili lende pa cifuwa, akazi onse anaturuka m'nyumba ndi nthungululu. Atate ace, amene kapitao anali kuwaitana ndi nambala, anaphera anthu mbuzi. Kuyambira tsikulo kapitao yemweyo anali kubvula cipewa pomlonjera mwana wa munthu wothyola tiyi. Asisita acikulire akamakana kutaya zoyera, musawayese ouma mutu. Iwo akumbuka zimenezi.

Ndipo ali nazo zifukwa zina zomveka. Mai wina amene anagwira unamwino pa minda zaka zoposa makumi atatu anandiuza kuti, "Mwana wanga, coyera sicinama. Kadontho ka mwazi kakagwerapo aliyense aona, ndipo uyenera kukasintha. Cobiriwira cibisa litsiro mpaka madzulo." Anatinso nkhalamba yosadziwa kuwerenga ikalowa m'cipatala siyang'ana cikwangwani, iyang'ana wa zoyera. Usiku akamuitana ku komboni, ngakhale oledzera a pa malipiro anali kumpatukira njira. Ku South Africa nduna ya zaumoyo, Dr Aaron Motsoaledi, inanena mu 2011 kuti anamwino abwerere ku zoyera. Inu amene mwagonako m'zipatala za ku Joni mudziwa dandaulo la odwala, lakuti munthu sadziwanso wofunsa, kaya uyu ndi sisita, kaya ndi wosesa.

Koma tiyeni tione amene alipira mtengo wa kuyerako. Diresi loyera lifuna sopo, buluu, sitaci ndi simbi. Ambiri ali nao madiresi awiri okha. Mwezi wa January ku Honde mvula ikhoza kugwa masiku angapo osaleka, cobvala osauma pa cingwe, magetsi atazima. Namwino aweruka ndi mdima, acapa, aumitsa pa moto, asita ndi simbi ya makala, ndipo kakhala kamodzi kakathethekera pa nsaru, diresi latha. M'mawa ayenda njira ya m'mizere ya tiyi, thirakitala imdutsa, afika ku kiliniki mpendero uli psuu. Nchito yeniyeni isanayambe munthu watopa kale.

Nchito ya namwino wa pa munda si yoyenda ndi thireyi m'khonde la simenti. Iye agwada pansi kucinga mwana wa mai amene wafika mocedwa. Anyamula mwamuna wolemera amene wadzitema ndi cikwanje podulira tiyi. Akwera njinga yamoto kukabaya katemera ku midzi ya m'mapiri, kapena akwera kumbuyo kwa lole ndi wodwala kunka naye ku cipatala ca boma ku Hauna kapena ku Chipinge. M'mwezi wa March 2019, pamene namondwe wa Idai anakokolola miseu ndi milatho ku Chimanimani ndi ku Chipinge, othandiza anthu anafika kwa obvulala akuyenda m'matope ndi pa miyala. Pa nchito yotere buluku lisunga ulemu wa mkazi koposa diresi, cifukwa awerama ndi kukwera osagwirira mpendero.

Tsono pali nkhani ya tizirombo, ndipo apa ndipempha mumvetse bwino. Kuyera kwa m'maso ndi kuyera kwa cipatala n'zosiyana. Dotolo Ignaz Semmelweis anaonetsa ku Vienna mu 1847 kuti akazi obereka anali kufa ndi matenda obwera ndi manja a madotolo eni ace, ndipo atalamula kusamba m'manja ndi mankhwala imfa zinatsika. Joseph Lister anayamba kutsuka mabala ndi zipangizo ndi carbolic, nalemba za ici mu 1867. Tizirombo sitisankha mtundu wa nsaru. Cisoti cokhutala ndi sitaci sicicapidwa tsiku ndi tsiku, koma dzanja licigwira kawiri-kawiri kucikonza. Manja atali a malaya akhudza wodwala uyu ndi uyo, ndipo mu 2007 a zaumoyo ku England analamula kuti wogwira odwala asabvale kanthu kuyambira pa cigongono kutsika. Iwo omwe anena kuti cobvala cikacapidwa mphindi 10 m'madzi otentha madigiri 60, tizirombo pafupi-fupi tonse ticoka. Madzi a pa mtsinje kapena a m'beseni la pa khonde safika pamenepo. Kubiriwira kumene sikupha kanthu. Dotolo wa ku San Francisco, Harry Sherman, anayamba kugwiritsa nchito nsaru zobiriwira mu thiyeta mu 1914 cifukwa zoyera zinali kumthobwa m'maso poyang'ana mwazi, basi.

Inu a m'migodi ici mucidziwa kuposa aphunzitsi. Mukaturuka pansi mubvula ovololo ndi majombo m'nyumba yosinthira, musamba, nimubvala zanu. Amene anagwira ku Shabanie ndi ku Mashava adziwa kuti pfumbi la asbestos silitsala pa mgodi, ndipo madotolo anapeza kale kuti likhoza kudwalitsa ngakhale mkazi amene akutumula ndi kucapa zobvala za mwamuna wace kunyumba. Momwemonso namwino. M'mliri wa kolera wa 2008 ndi 2009, umene unapha anthu oposa 4,000 mu Zimbabwe, taganizani namwino woweruka ku msasa wa odwala ndi diresi lomwelo, nakwera basi, nafika kwao mwana namthamangira kumkumbatira m'miyendo. Ubwino weniweni wa scrubs ndi wakuti abvalira ku cipatala, abvulira ku cipatala, ndi kucapidwa komweko. N'zosabvuta kusoka, sizifuna sitaci, ndipo munthu akhoza kusintha kawiri pa tsiku.

Koma ndaonanso ndi maso anga atsikana atabvala scrubs pa msika, ali kusankha nthoci ndi mapeyala, ena ali kuchena nazo m'tauni kuti anthu adziwe nchito yao. Pamenepo phindu lonse latayika, kuli bwino diresi la mai uja limene linali kuwiritsidwa mu mphika. Ndiponso musanyengeke, cifuwa cacikulu cimene ambiri tibwera naco ku migodi ciyenda mu mpweya, ndipo cochinjiriza namwino ndi cophimba pakamwa ndi mazenera otsegula, si buluku kapena diresi. M'mwezi wa March 2020 anamwino ndi madotolo a boma mu Zimbabwe anakana kugwira nchito cifukwa cosowa zozichinjirizira ku matenda a Covid-19. Sanafunse za mtundu wa nsaru.

Madoda ena a pa komboni ati mkazi sabvala buluku. Ndidziwa kumene mauwa acokera. Ku Malawi lamulo la 1973 linaletsa akazi kubvala mabuluku, ndipo linathetsedwa mu 1993, koma m'mitu ya ena likali moyo. Ndingowakumbutsa kuti m'zipatala za migodi ife amuna ndife tinali kusamala odwala, titabvala malaya oyera ndi buluku, ndipo palibe anatipeputsa. Malaya a scrubs akhoza kusokedwa otalika kufika m'ncafu, kuti mkazi wa mpingo asacite manyazi pamaso pa apongozi ace.

Dandaulo la kusazindikirika ndilo ndilibvomereza ndithu, koma mankhwala ace alipo. Udindo wa namwino uli pa mapewa. Ku South Africa namwino wophunzira mokwanira abvala timalamba tofiirira pa mapewa, ndipo kacitsulo kobiriwira pamenepo kasonyeza kuti ndi mzamba. Timalamba timeneti tikhoza kusokedwa pa scrubs monga pa diresi. Aonjeze dzina lolembedwa ndi zilembo zazikulu, ndipo mtundu wa anamwino ukhale wao-wao, wosiyana ndi wa osesa ndi wa ophika. Maganizo anga ndi awa: mu wodi, m'cipinda coberekera ndi pa ulendo wa ku midzi, namwino abvale scrubs. Diresi loyera ndi cisoti zisungidwe za tsiku lolandira setifiketi, za pa 12 May pokumbukira anamwino, ndi za pa maliro a mnzao.

Cotsala ndi ndalama. Mu April 2018 boma la Zimbabwe linalengeza kuti lacotsa nchito anamwino oposa 15,000 amene ananyanyala cifukwa ca malipiro. Munthu wa malipiro osakwanira ukamuuza kuti agule yekha zobvala zosintha tsiku liri lonse, agula ziwiri, nazibvala sabata yathunthu. Monga mgodi upatsa munthu cisoti colimba ndi majombo, mwini cipatala ayenera kupatsa namwino zobvala ndi kumcapira. Inu amene muli m'makomiti a anchito, kapena akazi anu ali m'komiti ya kiliniki ya pa munda, funsani za makina ocapira ndi madzi otentha musanafunse za mtundu.

Ndipo inu atate amene mwalandira kalata ya mwana wanu wa ku sukulu ya unamwino, tumizani zimene sukulu yalamula, pakuti wophunzira sasankha. Koma poyankha mumfunse ngati ali ndi zosintha zokwanira nyengo ya mvula, ndi kumene acapira. Ndalama ikatsalako mumgulire nsapato mapeya awiri, ina yoyendera m'matope a njira ya ku komboni, ina yotseka ku zala, yosatereka, yokhala ku cipatala komweko.