Diripi ya Mavitamini: Kodi Thupi Lapempha?

Kuyambira kale anthu ambiri m'dziko muno amakhulupirira kuti jakisoni ndiye mankhwala enieni. Wodwala akapita kuchipatala nabwerako ndi mapiritsi okhaokha amadandaula kuti dotolo sanamuone bwino, koma akabayidwa singano amabwerera kumudzi mtima uli m'malo. Chikhulupiriro chimenechi tsopano chapeza msika watsopano. Pa Facebook ndi pa Instagram pakuoneka zolengeza za malo amene munthu wosadwala amakalipira ndalama kuti amuike diripi ya mavitamini, ati pofuna kuchotsa kutopa, kusalalitsa khungu kapena kuthetsa matsire. Mnyamata amene wangolandira malipiro ake oyamba, ngakhalenso mphunzitsi amene wafooka ndi kuchonga mayeso, amayamba kufunsa anzake kumene malo otere angapezeke. Komatu funso loyenera kutsogola ndi lakuti: kodi thupi lake likusowadi kanthu?

Mchitidwe umenewu unachokera ku America. Dotolo wina wa mumzinda wa Baltimore, John Myers, ankapatsa odwala ake mavitamini kudzera mumtsempha. Iye atamwalira m'chaka cha 1984, dotolo wina, Alan Gaby, anatenga ena mwa odwalawo nakonza msanganizo wa vitamini C, mavitamini a gulu la B, magnesium ndi calcium, umene anautcha Myers' cocktail. Lero msanganizowu ndi ina yofanana nawo ikugulitsidwa m'mizinda ngati London ndi Johannesburg kwa anthu amene sakudwala konse.

Vitamini C ndi mavitamini a gulu la B amasungunuka m'madzi. Thupi limatengako mlingo umene likufuna, ndipo impso zimataya wotsalawo mumkodzo. Munthu wamkulu amafuna vitamini C wosapitirira mamiligalamu 100 patsiku, mlingo umene gwafa mmodzi wakupsa amakwaniritsa. Choncho wogula diripi ya mamiligalamu zikwizikwi amasiya gawo lalikulu la ndalama zake kuchimbudzi. M'chaka cha 2018 bungwe la boma la America loteteza ogula, Federal Trade Commission, linaletsa kampani ina ya ku Texas kulengeza kuti madiripi ake amachiza khansa ndi nthenda zina, popeza inalibe umboni.

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Singano yolowa mumtsempha imatsegulira tizilombo khomo lopita m'magazi, ndipo ikakhala yogwiritsidwa kale ntchito ingathe kufalitsa HIV ndi nthenda ya chiwindi ya hepatitis B. Madzi ochuluka olowa mofulumira amalemetsa mtima ndi impso zofooka. Vitamini C wopyola muyeso amayambitsa timiyala mu impso, ndipo kwa anthu obadwa ndi vuto la G6PD, limene n'lofala mu Africa, amatha kuphwanya maselo ofiira a magazi. Ambiri a iwo sadziwa kuti ali ndi vutoli kufikira atayezedwa.

Izi sizikutanthauza kuti jakisoni wa mavitamini n'ngwachabe. Pali anthu amene matumbo awo sangathe kuyamwa vitamini B12. Otere magazi amawachepera, manja ndi mapazi zimachita dzanzi, ndipo jakisoni ndiye chipulumutso chawo. Chidakwa chimene chagonekedwa m'chipatala chimapatsidwa vitamini B1 mumtsempha pofuna kuteteza ubongo. Onsewa amayamba ayezedwa, dotolo napeza chimene chikusowa.

Dziko lino linaonapo kusowa kwenikweni kwa mavitamini. M'chaka cha 1990 anthu oposa 18,000 mwa othawa nkhondo a ku Mozambique amene ankakhala kuchigawo cha kumwera anadwala pelagra, nthenda yobwera chifukwa chosowa vitamini B3, imene imakakalitsa khungu, kutsegula m'mimba ndi kusokoneza mutu. Gwero lake linali lakuti mtedza unaleka kufika m'misasa, anthu natsala akudalira chimanga. Mliriwo unagonja ndi mapiritsi, mtedza ndi ufa wothiridwa mavitamini, osati madiripi.

Munthu amene akumva kutopa kosatha ayambe wapita kuchipatala kukayezetsa magazi, pakuti kutopa kungakhale chizindikiro cha malungo, shuga, chifuwa chachikulu kapena kuchepa kwa magazi, ndipo diripi ingangochedwetsa chithandizo. Ngati dotolo walamula jakisoni, wodwalayo aonetsetse kuti chipatalacho ndi dotolo wake n'zolembetsedwa ku Medical Council of Malawi, namwino ku Nurses and Midwives Council of Malawi, ndiponso kuti mankhwalawo n'ngovomerezedwa ndi Pharmacy and Medicines Regulatory Authority. Afunse dzina la mankhwala ndi tsiku lake lothera mphamvu, aone singano ikutsegulidwa m'pepala lake iye akupenya. Malo amene amaika diripi asanafunse za mtima, impso kapena pakati, ngakhale akhale ndi mipando yawofuwofu, ayenera kupewedwa. Safunsa anadya phula.

Kwa munthu wathanzi, mavitamini ali pamsika ndi kudimba: bonongwe, chisoso, nkhwani wotendera, usipa, mazira, malambe ndi magwafa. Gawo lotsatira lidzafotokoza kaphikidwe kamene kamasunga mavitamini m'ndiwo zamasamba.