Musanagule chometera, funsani kaye za lezala lake

Pali katundu wina amene mwamuna amagula kamodzi n'kuiwala kuti anagula liti, ndipo chometera ndevu chili m'gulu limeneli. Tsiku limene chathyoka kapena chasowa m'pamene amazindikira kuti dziko linasintha iye ali mtulo. Akalowa m'sitolo zikuluzikulu za mu Blantyre kapena ku Limbe amapeza zometera zitapachikidwa mizeremizere, zina za malezala atatu, zina asanu, zina zogwedera mutu, koma chija cha chitsulo chimene anazolowera, choikamo lezala limodzi la mbali ziwiri, mwina sachiona n'komwe. Wogulitsa naye amangoti, "Achimwene, zimenezo n'zachikale, tengani ichi." Ine ndati ndilankhulepo, chifukwa nkhaniyi ngakhale ikuoneka yaing'ono, ikukhudza thumba, khungu ndiponso magazi a munthu.

Mfundo yanga ndi imodzi basi. Pogula khasu timayang'ana chitsulo, chifukwa mpini ukathyoka tikasema wina. Chometera n'chosemphana ndi khasu: mpini ndi umene umakhalitsa, pamene lezala ndi limene limatha. Mpini mugula kamodzi, koma lezala muzigula mpaka ndevu zitachita imvi. Choncho musanafunse mtengo wa chometera, dzifunseni kuti, "Kodi lezala lake ndikalipeza pa Lirangwe?"

Ndatchula Lirangwe dala. Malowa ali pamsewu wa M1, kupitirira Lunzu polowera ku Zalewa. Si m'tauni ayi, komanso si kumudzi kwenikweni. Katundu amene amapezeka pa okala ya pa Lirangwe tsiku lililonse, ndiye kuti mudzamupezanso kulikonse kumene ntchito, sukulu kapena maliro zingakutumeni. Mwezi wathawu ndinayendera magolosale a pamenepo ndi ena a ku Chileka, kuyambira pa Kameza mpaka kufupi ndi bwalo la ndege. Malezala a mbali ziwiri ndinawapeza pafupifupi paliponse, ali pambali pa machesi, singano ndi mabatire, ndipo wogulitsa amakupatsani limodzi ngati ndalama yanu yakwana limodzi. Koma timitu ta zometera zamakono tija, wina anandiuza kuti ndikayese m'tauni, wina anandifunsa kuti n'chiyani chimenecho.

Chinandiyendetsa n'chakuti chometera changa chinatha. Chinali cha agogo anga aamuna, amene anabwera nacho kuchokera ku Joni m'masiku amene ndege za Wenela zinkatera pa Chileka. Ulendowo unali chisanafike chaka cha 1974, pomwe ndege ina inagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70, ndipo Dr Kamuzu Banda analetsa zotumiza anthu kumigodi. Werengani nokha zaka zimene kachitsulo kamkuwa kameneko kanagwira ntchito, mpaka mazinga ake anaperepeseka n'kusiya kugwira. Ndipo pa zaka zonsezo lezala lokwanamo silinasowepo pamsika.

Kusasowa kwakeko kuli ndi chifukwa chake. Amene anatchukitsa lezala lopyapyala lotaya likabuntha ndi King C. Gillette wa ku America. M'chaka cha 1903 kampani yake inagulitsa zometera 51 ndi malezala 168 okha, koma pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse asilikali a ku America anapatsidwa zometera zake mamiliyoni, ndipo atabwerera kwawo anapitiriza kugula malezala. Chilolezo chomuteteza kuti ena asapange zofanana chinatha mu 1921, makampani ambiri analowa m'bwalo, ndipo m'kupita kwa nthawi lezala la mbali ziwiri linakhala la muyezo umodzi. N'chifukwa chake lero Nacet, Minora, Topaz kapena Super-Max, lopangidwa ku India kapena kwina kulikonse, limalowa m'chometera chomwecho. Makampani akamalimbirana ndalama yanu, wopindula ndinu. Mu 1962 kampani ya Wilkinson Sword ya ku Britain inatulutsa malezala osachita dzimbiri, ndipo kuyambira pamenepo lezala limodzi linayamba kumeta kangapo.

Zometera za timitu zinabwera pambuyo: cha malezala awiri mu 1971, cha atatu mu 1998, ndipo za asanu zinafika zaka za m'ma 2000. Izi zimameta msanga ndipo sizicheka kawirikawiri, zimenezo sindingatsutse. Vuto n'lakuti mpini uliwonse umafuna kamutu kakekake, ndipo nthawi zambiri wopanga kamutuko ndi yemwe anakugulitsani mpini. Mukagula mpini wotere mwalowa ukwati wa mwamuna mmodzi ndi sitolo imodzi. Akakweza mtengo, mulipira. Akasiya kuitanitsa, mpini wanu usanduka choseweretsa ana.

Ndipo kuno kwathu mitengo ya katundu wakunja sikhala pansi. Kwacha inatsitsidwa mphamvu ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023. Ndalama zakunja zikasowa, amalonda amayamba kuitanitsa katundu woyenda msanga, ndipo wodula wogulidwa ndi ochepa ndiye amayamba kusowa pa shelefu. Tiyerekeze kuti mumameta kawiri pa sabata. Pachaka ndiye kuti mwameta ka 104. Lezala limodzi likamakumetani katatu kapena kanayi, mufuna malezala pafupifupi 30. Funsani mtengo wa malezala 30, mufunsenso wa timitu tokwana chaka, ndipo muone nokha kumene chindapusa chili. Inu ophunzira amene ndalama ya sopo, mapepala ndi thiransipoti imachokera m'thumba limodzi, masamu amenewa ndi anu. Za pulasitiki zogwiritsa n'kutaya nazo zimaoneka zotchipa pa tsiku logula, koma nthawi iliyonse mukugula mpini watsopano umene simunaufune.

Wina anena kuti, "Aise, bwanji osangopita kokameta ndi makina?" Pitani, palibe cholakwa, ometa nawonso adye. Koma makina amadya magetsi. Kalembera wa 2018 anapeza kuti ndi nyumba pafupifupi 11 pa 100 zilizonse zimene zinkaunikira magetsi m'dziko muno. Ndipo sitinaiwale za mu January 2022, pamene namondwe wa Ana anaononga malo opangira magetsi a Kapichira, dziko n'kutaya mamegawati pafupifupi 130 kwa nthawi yoposa chaka. Amene anali ndi mayeso a ntchito m'mawa, malo ometera ali mumdima, anadziwa ubwino wa lezala, sopo ndi madzi ofunda.

Tsopano za khungu. Ambiri a ife tikameta timatuluka ziphuphu m'khosi ndi m'chibwano, ndipo sindikunena ziphuphu za m'maofesi ayi. Ndevu zathu n'zopotana. Tsitsi lopotana likadulidwa pafupi kwambiri, pomera limapinda n'kubaya khungu, khungulo n'kutupa. Chometera cha malezala ambiri chinapangidwa kuti lezala loyamba likoke tsitsi, lotsatira n'kulidula lisanabwerere, ndipo tsitsilo limatsala pansi pa khungu. Kwa wa ndevu zoongoka zimenezi n'zosalala bwino, koma kwa ife n'kubzala ziphuphu. N'chifukwa chake madokotala a khungu amalangiza anthu a vutoli kuti azimeta ndi lezala limodzi, motsatira kumene ndevu zaloza, osakoka khungu ndiponso osabwerezabwereza pamalo amodzi.

Nanga mwachipeza chometera cha lezala limodzi, muchiyese bwanji? Musachite manyazi, chitulutseni m'pepala wogulitsa akuona, fodya wako ndi yemwe ali pamphuno. Choyamba, pali mitundu iwiri yodziwika. China chimamasuka zidutswa zitatu: mpini, kambale kapansi ndi chivindikiro. China mumapotoza mpini, mutu n'kutseguka ngati mapiko a gulugufe. Chachiwirichi n'chosavuta poika lezala, koma chili ndi tizitsulo tambiri toyenda, ndipo kamodzi kakafooka lezala limagwedera. Cha zidutswa zitatu mulibe chofa kupatula mazinga, komanso chimatsukika bwino.

Chachiwiri, ikanimo lezala, mangani, muyang'ane kutsogolo. Mbali zonse ziwiri lezala litulukire mofanana ndipo likhale loongoka. Likatulukira kwambiri mbali imodzi, chisiyeni, chimenecho n'chocheka. Chachitatu, potozani mpini kangapo mumve ngati mazinga akugwira mosalala. Zambiri zotchipa zimaumbidwa ndi chitsulo chosakaniza ndi zinki n'kupakidwa zonyezimira pamwamba. Zimameta bwinobwino, koma zikagwa pa simenti zimathyokera pakhosi, ndipo utoto ukasupuka chitsulocho chimadyeka. Cha mkuwa kapena cha chitsulo chosachita dzimbiri n'chodula, koma chimenecho mudzasiyira mwana. Chachinayi, mpini ukhale wamizeramizera, chifukwa dzanja la thovu limaterera. Pomaliza, amene mukuyamba kumene sankhani chimene kambale kake kali ndi m'mphepete mosalala, osati cha mano ngati chipeso, chimene chimayenera wa ndevu zowirira amene dzanja lake linazolowera.

Kameteredwe nako n'kofunika. Nyowetsani ndevu ndi madzi ofunda kwa mphindi zingapo, pakani thovu lokwanira, gonekani mutu wa chometera patsaya n'kutsitsa mpini pang'onopang'ono mpaka lezala litayamba kugwira ndevu. Osakanikiza ayi, kulemera kwa chitsulocho n'kokwanira. Lezala likayamba kukoka m'malo modula, latha, musalikakamize ngati ngongole. Mukatha, masulani, tsukani, umitsani.

Mfundo yotsiriza ndiyo yolemera. Pa zaka ziwiri zimene ndinakhala kukoleji ndisanasiyire panjira, ndinaona chometera chimodzi chikuyenda zipinda zinayi Loweruka limodzi, ati chibale. Abale anga, bwerekanani buku, ayironi ngakhale jekete, koma lezala ayi. Chiyambire 1985 pamene matenda a Edzi anapezeka koyamba m'dziko muno takhala tikumva uthenga umenewu, koma pali mdani wina amene sitimutchula kwambiri, matenda a chiwindi a Hepatitis B. Kachirombo kake kamatha kukhala ndi moyo kunja kwa thupi kwa masiku 7 kapena kuposa, ngakhale m'kadontho ka magazi kouma kosaoneka ndi maso. Katemera wake anayamba kuperekedwa kwa makanda m'Malawi mu 2002, kutanthauza kuti ambiri obadwa chakachi chisanafike sanabayidwe. Apa ndi pamene kutchipa kwa lezala kumapulumutsa moyo. Kamutu kodula munthu amakaumirira, amakasunga, amabwereka kwa mnzake. Lezala lotchipa aliyense angathe kukhala ndi lake. Kumudzi pometa ana mpala, potsiriza maliro ndi mwambo wa kumeta, kapena potemera mphini, lamulo n'lomwelo: mutu umodzi, lezala limodzi. Chometera chogula pa kaunjika chiwiritseni kaye musanachiike pankhope, ndipo lezala lakutha liponyeni m'kachitini kotseka, osati kudzala kumene ana amatola zoseweretsa.

Inu a malonda, mwina mwaona kale pamene pali mpata. Malezala mukugulitsa tsiku ndi tsiku, koma choikamo chake ambiri mulibe. N'chifukwa chake mnyamata wa ku Chileka amagwira lezala ndi zala zokha, kapena kulithyola pakati n'kulipanika pa chipeso, kenaka n'kutulukira ndi mabala. Mukapita kokapikula ku Limbe, funsani zometera zachitsulo, muziyese monga ndafotokozeramu, mutengeko zochepa zabwino. Phindu la mpini n'la tsiku limodzi, koma amene mwamugulitsa mpiniwo azibwera sabata ndi sabata kudzagula lezala, ndipo sadzatuluka wopanda sopo kapena machesi.

Ndiye akadzakuuzani kuti n'zachikale, musakangane nawo. Afunseni mwaulemu kuti kamutu ka chometera chawocho kamagulidwa zingati, ndipo pa Lirangwe kamapezeka pa sitolo ya ndani. Akayamba kukanda m'mutu, bwezani chikwama m'thumba, mupite khomo lotsatira.