Azakhali Abwerera Kutsogolo kwa Kwaya

Mukadawaona azakhali anga Loweruka lapitali pa chinkhoswe ku Namiwawa, simukadakhulupirira kuti ndi omwe aja ankabisala kuchipinda akamva mlendo akuodira. Anavina mpaka duku kugwa, ndipo sanalitole msanga. Tsitsi lamera, lakuda bii!

Chaka chatha zinthu sizinali choncho. Chotupa cha m'bere anachipeza okha posamba, koma anakhala nacho chete miyezi ingapo poti sichinkapweteka. Ndi mmene khansa ya m'mawere imapusitsira anthu. Atapita kuchipatala cha Gulupu madokotala anati bere lichotsedwe, kenako ayambe kemo. Opareshoni inayenda bwino, chilonda chinapola, koma mayi uja amene ankatsogolera nyimbo ku Mvano anangoti zii. Yunifolomu yoyera anaipinda n'kuika pansi pa sutikesi. Akafuna kutuluka ankaunjika tinsanza m'kamisolo, n'kufundanso chitenje paphewa ngakhale dzuwa la Okutobala likuswa mtengo. Tsiku lina tinsanzato tinasuntha ali mu minibasi ya ku Limbe, ndipo kuyambira pamenepo anati basi, kutchalitchi sapitanso.

Amene anawatulutsa ndi amayi awiri a bungwe lina lachifundo, onse odulidwapo bere. Anabwera ndi kajumbo. M'menemo munali bere loluka ndi ulusi wa thonje, lofewa, lopepuka, losatentha pachipsera, ndi kamisolo yokhala ndi kathumba koikamo. Azakhali analitembenuza uku ndi uku, n'kuseka koyamba m'miyezi isanu ndi umodzi.

"Iwe, tseka chitseko ndiyese," anatero.

Atatuluka anaima chilili pagalasi, manja m'chiuno. "Nanga pamenepa wina angadziwe?"

"Ngakhale ine sindikudziwa kuti ndi mbali iti, azakhali."

Ulusi umenewo anagula ndi munthu amene sitidzamudziwa, mwina wotumiza kangachepe pa Mpamba kapena Airtel Money, mwina wogula kariboni kapinki. Ndalama zomwezo ndi zimene zinawalipirira galimoto masiku a kemo, pamene miyendo inkakana kukwera minibasi, n'kuwagulira ufa wa Likuni Phala nthawi imene nsima inkawabwerera kukhosi. Koposa zonse, zinalipira thiransipoti ya amayi awiri aja kuti azibwera mlungu ndi mlungu kudzawauza zimene ife athanzi sitikadatha: kuti nseru idzatha, kuti mkono wa mbali yodulidwayo aziuyendetsa tsiku lililonse, kuti mapiritsi a tamoxifen asadumphitse.

Ndimakumbukira malemu Blandina Khondowe, Miss Malawi wakale amene anayambitsa Think Pink Malawi n'kumalankhula za matendawa poyera mpaka pamene anatisiya mu 2020. Anthu ngati iye ndi amene anachotsa manyazi pa mawu akuti bere, ndipo lero azakhali amawatchula mosanong'ona.

Panopa aphunzira kuluka. Amakhala pakhonde ndi singano zawo, ndipo aluka kale mawere asanu ndi atatu opita kwa anzawo a kuwodi. Mtsikana aliyense wobwera pakhomo, kaya wogulitsa masamba, sachoka asanaphunzitsidwe kudziyeza yekha.

Lamulungu yunifolomu inatuluka m'sutikesi. Ndinaisita ndine, makala ndinakoleza ndekha magetsi atazima. Ataivala anandiyang'ana n'kuti, "Fulumira mwanawe, nyimbo yoyamba ndikuyambitsa ndine."